Kwa achemwali amene akufuna kuyamba podikasiti yofufuza za mipatuko

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kusiya ntchito yanu ya pawailesi kuti muyambe podikasiti (pulogalamu ya mawu yomvera pa intaneti) yofufuza magulu achipembedzo otsekera anthu ndi zikhulupiriro zonyanyira, ndiponso kuti mungayambire pati. Yankho langa ndi lakuti ntchitoyi ndi yofunika ndipo muiyambe, koma ya pawailesiyo musaisiye msanga, chifukwa podikasiti simabweretsa ndalama m'zaka zoyamba pamene nkhani imodzi yokha ingakudyereni miyezi ingapo ya maulendo.

Chachikulu chimene ndikupempha n'chakuti muzifufuza zimene gulu limachita kwa anthu ake, osati kudabwitsa kwa chiphunzitso chake. Chiphunzitso chachilendo si mlandu, ndipo ife Amalawi tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ambiri. Mu 1967 boma linaletsa a Mboni za Yehova, omwe ankakana kugula makadi a chipani, ndipo anthu zikwizikwi anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, kufikira chiletsocho chitachotsedwa mu 1993. Liwu lakuti mpatuko likhoza kusanduka chibonga m'manja mwa anthu aukali, choncho musalitchule mopepuka pa maikolofoni. Mafunso anu akhale awa: ndalama za chakhumi zikupita kuti, ana akupita kusukulu kodi, wodwala akuloledwa kupita kuchipatala, nanga munthu akafuna kutuluka chimamuchitikira n'chiyani? Ku Shakahola m'dziko la Kenya, komwe mitembo yoposa 400 ya otsatira a m'busa Paul Mackenzie inafukulidwa kuyambira mu 2023 atauzidwa kusala kudya kuti akakumane ndi Yesu, zizindikiro zinaoneka kale, pakuti bamboyu anali atamangidwapo zaka za m'mbuyo pa nkhani yoletsa ana kupita kusukulu.

Gwero lanu lalikulu lidzakhala anthu amene anatuluka m'magulu otere, ndipo apa m'pamene pamafunika mtima wofatsa. Ndinachezapo ndi mayi wina amene anakhala zaka zambiri pansi pa mneneri wina. Tinakhala pakhonde, rekoda ili pa mpando pakati pathu, ndipo nthawi iliyonse akafuna kutchula dzina la mneneriyo ankatsitsa mawu n'kuyang'ana kumsewu, ngakhale kuti panali patapita zaka zitatu chichokereni kumeneko. Tsiku loyamba sananene kanthu kogwirika. Nkhani yeniyeni, ya mmene anagulitsira munda wa makolo ake n'kukapereka ndalama zonse, inatuluka paulendo wachinayi nditazimitsa rekoda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musamufunse munthu wotere kuti anapusitsidwa bwanji, chifukwa ambiri analowa pa nthawi ya maliro, matenda kapena umphawi, ndipo gululo linawapatsadi chitonthozo poyamba. Mufotokozereni momveka kuti mawu ake akangolowa pa intaneti adzafika pa WhatsApp ya abale ake omwe akadali m'gulumo, ndipo akapempha kuti musinthe mawu ake kapena kubisa mudzi wake, chitani zomwezo.

Komabe umboni wa munthu mmodzi wopwetekedwa mtima sukwanira. Pezani wachiwiri ndi wachitatu amene sadziwana, funani zikalata za kukhoti, malisiti ndi mauthenga a pafoni, kenako mupatseni mtsogoleri wa gululo mpata woyankha musanaulutse kanthu. Loya awerenge zimene mwalemba, pakuti mlandu woipitsa mbiri ya munthu ukhoza kutseka podikasiti yanu pa gawo lachiwiri lenileni. Chitsanzo chimene chimandilimbikitsa ndi cha kanyuzipepala ka mlungu ndi mlungu ka Point Reyes Light ku California, kamene kanatsatira gulu la Synanon moleza mtima mpaka kupata mphoto yotchuka ya utolankhani ya Pulitzer mu 1979. Gululo linayamba ngati malo othandiza anthu osokonekera ndi mankhwala ozunguza bongo, koma linafika poika njoka yaululu m'bokosi la makalata la loya Paul Morantz, amene ankalimbana nalo kukhoti, ndipo analumidwa nayo mu 1978.

Zimenezi zikundifikitsa pa chitetezo chanu. Pa 18 Novembala 1978, atolankhani atatu anaphedwa pa bwalo la ndege la Port Kaituma ku Guyana pamodzi ndi phungu wa ku America, Leo Ryan, atapita kukaona Jonestown, mudzi wa otsatira a mtsogoleri wachipembedzo Jim Jones, ndipo tsiku lomwelo anthu oposa 900 anafa ku Jonestown. Sindikufuna kukuopsezani, koma musapite nokha kumalo a gulu lililonse, ndipo mkonzi wanu kapena mbale wanu azidziwa komwe muli ndi ola limene mubwerere. Za kulowa mobisa ngati membala muziiwale kaye.

Poyambira, sankhani nkhani imodzi imene inafika kale kukhoti, kuti zikalata zake zikhalepo, ndipo muikonze m'magawo anayi kapena asanu aafupi m'Chichewa, oti munthu wa bandulo yochepa athe kuwatsitsa pafoni. Mukamaliza gawo loyamba, musanaliulutse, kalimvetsereni pamodzi ndi munthu amene anakupatsani umboniyo.