Mafunso a Owerenga: Makina Akale Otchetchera Kapinga

FUNSO: Akonzi, malemu bambo anga ankasamalira maluwa ndi kapinga pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo atapuma pa ntchito anapatsidwa makina akale otchetchera kapinga olembedwa kuti Atco, okhala ndi injini ya Villiers. Makinawa akhala m'nyumba yosungiramo katundu zaka zoposa 20, achita dzimbiri ndipo sakulira. Ogula zitsulo zakutha akuwafuna, pomwe mwana wanga akuti tiwanole ndi gulayindala kenako tiwapente. Kodi ndichite chiyani? Wowerenga wa ku Luchenza.

YANKHO: Bambo, makinawo musawagulitse pa sikelo, ndipo mwana wanuyo mumuuze kuti asawayandikire ndi gulayindala, chifukwa chida chimenecho chingawononge m'mphindi zochepa mipeni imene dzimbiri lalephera kuimaliza m'zaka zonsezi.

Chifukwa chake chagona pa kadulidwe ka makinawa. Mu 1830, Edwin Budding wa ku Stroud, ku England, anaona makina a m'fakitale ya nsalu amene ankameta ubweya wotsalira pamwamba pa nsalu ndi mipeni yopindika yozungulira, ndipo anazindikira kuti udzu ungametedwenso motero. Kampani ya Ransomes ya ku Ipswich inayamba kupanga makina a Budding mu 1832, ndipo a Atco, opangidwa ndi kampani ya Charles H. Pugh ku Birmingham, anatuluka mu 1921 ali ndi injini. Makina ambiri a masiku ano amamenya udzu ndi liwiro monga chimachitira chikwakwa, koma anuwo amadula ngati sizasi: mipeni yopindikayo ikamazungulira imadutsa pa mpeni wina wowongoka umene uli pansi, ndipo udzu umadukira pamene zitsulo ziwirizo zakumana. Gulayindala yogwira pamanja imadya chitsulo mosafanana, imasiya mipata, ndipo zikatero udzu umangotafunidwa osaduka.

Kanoledwe koyenera ndi kotchipa. Gulani phala limene amakanika amanolera mavavu a galimoto, mulisakanize ndi oyilo pang'ono, mulipake pa mipeni yonse. Chotsani tcheni, mangani pang'onopang'ono mabawuti osinthira a mbali zonse ziwiri mpaka mipeni itangokhudzana, kenako muizungulitse ndi manja chammbuyo, mukuwonjezera phala nthawi ndi nthawi. Mukamaliza tsukani phala lonselo ndi palafini, chifukwa likatsalira limapitiriza kudya chitsulo. Mayeso ake ndi kachidutswa ka nyuzipepala: kaduke bwinobwino kumanzere, pakati ndi kumanja, pa mpeni uliwonse. Ngati mpeni wina unapindika kapena unadyeka kwambiri, funsani anthu osamalira mabwalo a gofu, popeza malo ozungulira dzenje amawametabe ndi makina a mtundu womwewu, ndipo amadziwa kumene mipeni yotere imawongoledwa.

Injini musaikakamize kulira. Chotsani pulagi, thirani oyilo pang'ono m'bowolo, mudikire masiku angapo, ndipo muyese kuipukusa ndi manja. Petulo wakale amasanduka ngati ulimbo, choncho thanki ndi kabureta zitsukidwe kaye. Moto wa injini za Villiers umachokera ku magineto imene ili m'kati mwa fulayiwilo (gudumu lolemera lozungulira pambali pa injini), ndipo kawirikawiri vuto limakhala kuda chabe kwa mapointi (tizitsulo tiwiri togundana tolumikiza ndi kudula moto): apukuteni ndi sandipepa wosalala, musiye mpata wa pafupifupi mamilimita 0.4. Chofunika kwambiri ndi kuona ngati injiniyo ili ndi pothirira oyilo pakepake. Ngati palibe, ndiye kuti ndi ya mtundu uja wosakaniza oyilo ndi petulo, ndipo zakale za Villiers zinkafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 16 a petulo. Kuiliza ndi petulo yekha ndiko kuiwotcha.

Samalaninso ndi masipanala. Mabawuti a makina akale a ku Britain ndi a muyeso wa mainchesi wotchedwa Whitworth, ndipo sipanala ya mamilimita imaterereka ndi kukulunga mitu yake. Bawuti yolimba muinyowetse ndi oyilo wosungunula dzimbiri, ndipo nyundo ikhale kutali, chifukwa zigawo zina n'za chitsulo chonga cha simbi ya makala, chimene chimathetheka m'malo mopindika. Jambulani chilichonse pa foni musanamasule.

Za penti, ine ndikanakonda kuti mudikire. Tsukani makinawo ndi palafini, muwapake oyilo wochepa, ndipo mudzadabwa kuona kuti mtundu wobiriwira ndi zolemba za kampani zikadalipo pansi pa litsiro. Osonkhanitsa makina otere amalemekeza penti yoyambirira, ngakhale yokalika, kuposa yatsopano yonyezimira, ndipo kwa inu pali chifukwa china: malo operepeseka pa zogwirira anaperepesedwa ndi manja a bambo anu. Ngati dzimbiri lafika pofuna kuboola chitsulo, pentani malo okhawo, ndipo popala muzinyowetsa sandipepa ndi kuvala chotchinga mphuno, popeza penti zakale zambiri zinali ndi mtovu.

FUNSO: Ndili ndi makina okankha pamanja olembedwa Qualcast Panther, ndipo ndamva kuti ku Ulaya zinthu zakale zimagulidwa modula. Kodi ndingapeze ndalama zambiri? Wowerenga wa ku Zomba, mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, osonkhanitsa alipo ndithu. Ku Britain kuli bungwe la Old Lawnmower Club, limene linayamba mu 1990, komanso nyumba yosungiramo makinawa yotchedwa British Lawnmower Museum ku Southport. Koma Panther, amene anayamba kupangidwa mu 1932, anagulitsidwa ochuluka kwambiri kwa zaka zambiri, motero kumeneko sasowa, ndipo ndalama zowatumizira zingapose mtengo wake. Amene amafunidwa ndi osowa, monga a Silens Messor oyambirira a Thomas Green wa ku Leeds, amene anatuluka mu 1859 ndipo ankayendera tcheni m'malo mwa magiya aphokoso. Phindu la anuwo lili pakhomo panu pomwepo, chifukwa safuna petulo kapena magetsi. Anoleni monga tafotokozera pamwambapa, muthire girizi m'magudumu, mutole miyala musanayambe, ndipo udzu ukatalika kwambiri m'nyengo ya dzinja muyambe mwautsitsa ndi chikwakwa, chifukwa makina amenewa anapangidwira kapinga wamfupi wometedwa sabata ndi sabata.