Prado ikulira tiki-tiki pachitunda: musathamangire mapulagi odula

Owerenga wina anditumizira imelo. Ali ndi Prado yakale ija ya petulo, ya injini ya V6 ya malita 3.4, ndipo akuti akamakwera chitunda cha ku Chikwawa kuchokera pa Thabwa atanyamula katundu, injini imalira kuti tiki-tiki-tiki ngati timiyala m'chitini. Makaniko wawauza kuti agule mapulagi a iridium, vuto litha. Akufunsa kuti agule ati.

Achimwene, ndalamazo zibwezeni kaye m'thumba. Yankho limene mwapatsidwalo ndi limene limanditopetsa m'magalaja mwathu muno: galimoto ikatsokomola, mapulagi, ikamwa mafuta, mapulagi, ikagogoda, mapulagi. Pulagi amaithamangira chifukwa ili pamwamba, sipanala imafika msanga, ndipo kasitomala amaona ndi maso kuti pasinthidwa kanthu.

Tiyambe tamvana za phokosolo. Munthu akati "injini yanoka" kwathu kuno amatanthauza kuti yafa, mabeyaring'i apita. Kugogoda kumeneko n'kolemera, gu-gu-gu, kumachokera pansi ndipo kumamveka ngakhale galimoto itaima mukaponda moto. Mukamva kotero zimitsani, pulagi ilibe nazo gawo. Kwanuku n'kopepuka, kumabwera pokhapokha injini ikalemedwa, ndipo mukachotsa phazi kumatha. Chimachitika n'chakuti pulagi ikathetheka, moto umayenera kuyenda mwadongosolo m'silinda monse. Koma petulo ndi mpweya zotsalira m'mbali zikatenthedwa ndi kupanikizika kwambiri, zimaphulika zokha moto uja usanafike. Kuphulikako ndi kumene mukumva. Kukapitirira kumaswa timizere ta pisitoni pamene pamakhala maring'i, ndiponso kumapsereza gasiketi.

Tsono onani kumene kukuchitikirako. Ku Chigwa cha Shire ndi kotsika, mpweya ndi wochuluka kuposa ku Dedza kapena ku Nyika, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Injini imameza mpweya wambiri, wotentha kale, kenako inu mukuikweza phiri ndi matumba kumbuyo. Galimoto yomweyo ku Dedza m'mawa mwina singalire n'komwe. Funso loyamba lisanakhale la pulagi: chitundacho mumakwera ndi giya yanji? Kuponda mpaka pansi muli m'giya 4, singano ya kuzungulira kwa injini ili pa 1,500, ndi kuitana phokosolo dala. Tsikani giya, injini izungulire pa 2,500 mpaka 3,000. Ngati ndi ya otomatiki, zimitsani overdrive, giya yapamwamba ija, musanayambe kukwera.

Chachiwiri ndi mafuta. Petulo wa pa pampu m'Malawi muno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo anthu amakonda kumunamizira. Ethanol sagogodetsa injini, amathandiza kuti petulo asaphulike msanga. Wokayikitsa ndi petulo wa m'zigubu uja timagula mafuta akasowa. Akathiramo palafini kuti achuluke, mphamvu yopirira kupanikizika imagwa, ndipo palibe pulagi padziko lino imene ingakonze zimenezo. Muthe thanki imeneyo, muthire wa pa pampu, mukwerenso chitunda chomwecho.

Ndiye pali kutentha, kumene pa galimoto yoyenda m'matope ndi m'tchire ndiko ndimakukayikira koyamba. Walitsani tochi pakati pa radiyeta ndi chija cha AC chili kutsogolo kwake. Mukapeza matope ouma ndi njere za udzu zitamatirira ngati chikombole, tsukani ndi madzi a paipi kuchokera mbali ya injini kupita kunja, osati ndi makina amphamvu a pa car wash amene amapinda timapepala ta radiyeta. Fani ya injini imeneyi imayendera kalachi ya mafuta. Injini itatentha n'kuizimitsa, fani ikamazungulira mopepuka mukaikankha ndi chala, yatha. Ndipo chonde, wina asakuuzeni kuti achotse thermostat, kachipangizo kamene kamatsegulira madzi opita ku radiyeta injini ikatentha, poti "kuno n'kotentha". Umenewo si ukatswiri. Injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imathira mafuta ambiri, mwaye umaunjikana pamwamba pa mapisitoni, ndipo mwaye womwewo umachepetsa malo m'silinda n'kuyamba kugogodetsa injini. Mwathawa chiyani pamenepo?

Fumbi nalo lili ndi mlandu wake. Sensa yoyeza mpweya ikada imauza kompyuta kuti mpweya ndi wochepa, kompyuta n'kuchepetsa petulo, moto n'kutentha kwambiri. Fyuluta ya petulo yotsekeka kapena paipi ya mpweya yong'ambika zimachitanso chimodzimodzi. Injini yanuyi, 5VZ-FE, ili ndi masensa awiri omvera kugogoda, obisika pansi pa manifodi (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda) pakati pa V paja, ndipo mawaya ake amauma ndi kutentha. Akaduka nyale ya check engine imayaka, makina amaonetsa P0325 kapena P0330, galimoto imafooka chifukwa kompyuta yabweza taimingi, kutanthauza kuti yachedwetsa nthawi yothethekera pulagi, podziteteza. Ngati nyaleyo inafa kalekale kapena wina anaichotsa babu, yambirani pomwepo.

Za mapulagiwo tsopano

Pulagi ili ndi mbali imodzi yokha pa nkhaniyi: kutentha kwa nsonga yake. Nsongayo imafunika kukhala pakati pa madigiri 500 ndi 800. Ikazizira kuposa apo imachita mwaye, ikapitirira imafiira ngati khala n'kuyatsa petulo nthawi isanakwane, ndipo zimenezo zimaboola pisitoni. Nambala ya pa pulagi ndi imene imanena izi. Kwa mapulagi a kampani ya NGK nambala ikamakwera pulagi ndi yozizirirapo: 6 ndi yozizira kuposa 5. Denso chimodzimodzi, 16 ikufanana ndi 5 ya NGK, 20 ikufanana ndi 6. Koma Bosch ndi Champion amawerenga chobwerera, nambala yaikulu ndiyo yotentha. Wogulitsa akangoyerekeza mazinga n'kunena kuti "imalowa iyi", mukhoza kubwera ndi pulagi yotentha kuposa imene munachotsa. Sitepe imodzi imasintha kutentha kwa nsonga ndi madigiri 70 mpaka 100.

Iridium si nambala ya kutentha. Ndi chitsulo cholimba chimene chimachedwa kutha, basi. Pulagi ya iridium ya nambala 5 imatentha ngati ya wamba ya nambala 5. Ndipo poti ndi yodula, ndiyo imene akuba amakonda kupanga yabodza. Kansonga kake kamasungunuka kapena kuthothoka n'kugwera m'silinda. Mtengo ukatsika modabwitsa, zilembo za pabokosi zikaoneka zofufutika, isiyeni.

Musanagule chilichonse, masulani akalewo muwawerenge. Dikirani injini izizire, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka. Pemererani mchenga uchoke m'maenje musanamasule, apo ayi ugwera m'silinda. Ayaleni onse sikisi pa katoni motsatira masilinda. Dothi loyera la pansonga likakhala lotuwa kapena lofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Likayera mbee, lili ndi matuza kapena timadontho takuda ngati tsabola, kapena tonyezimira, injini yakhala ikugogoda ndithu, ndipo tonyezimirato ndi pisitoni yanu. Imodzi yokha ikasiyana ndi zinzake, vuto lili pa injekita kapena mpweya wolowa pobisika pa silinda imeneyo.

Pa injini yanu ikani zimene Toyota inalemba: Denso K16TR11 kapena NGK BKR5EKB-11 (16 ndi 5 mmenemo ndiwo manambala a kutentha), za timiyendo tiwiri, mpata wa mamilimita 1.1. Timiyendo tiwirito n'chifukwa makoyilo alipo atatu okha, iliyonse imathethetsa mapulagi awiri nthawi imodzi, ndiye amadyeka msanga. Lowetsani ndi dzanja kaye, kenako mangani ndi soketi ya 16 kufika pafupifupi 20 Nm. Pulagi yosamangitsa siyitaya kutentha kwake m'hedi, imapsa ngakhale nambala ili yolondola. Kupita pa nambala 6 ndingavomere pokhapokha mafuta, radiyeta, fani ndi masensa zonse zili bwino, koma nsonga zikuyerabe, ndipo galimotoyo ntchito yake ndi kukoka ngolo kapena kukwera mapiri itadzaza. Sitepe imodzi yokha, ndipo mukatha makilomita 500 muwamasulenso muone ngati sakuda ndi mwaye m'tauni.

Kwa ena amene mundilembere za Hilux kapena Land Cruiser ya dizilo: mulibe mapulagi a moto mmenemo, muli ma glow plug otenthetsa polizira m'mawa. Ikamagogoda, kayezetseni mainjekita ndi taimingi ya pampu.