Bwana wa Sitima Amene Anadandaula za Anyamata Ake

Adzukulu anga, mmodzi wa inu wandifunsa kuti: "Agogo, ife tili ndi sukulu, nanga akulu amatikakamiziranji ntchito zowawa ngati kuti amatida?" Khalani pansi ndikuuzeni za Lawrence Holt wa ku Liverpool, ku England.

Bamboyu anabadwa mu 1882 m'banja la eni sitima zapamadzi za Blue Funnel Line, zimene zinkanyamula katundu pakati pa Liverpool ndi maiko a kum'mawa monga China. Chuma anachipeza chilipo kale, koma sanakhale chopinda manja. Anatumikira mzinda wake mpaka anthu anamulemekeza pomusankha kukhala meya mu 1929, udindo umene bambo ake, Robert Durning Holt, anakhalaponso.

Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza sitima zamalonda m'nyanja ya Atlantic. Opulumuka ankatsala m'timabwato, masiku ambiri, madzi akumwa ochepa, mphepo yozizira ikuwalowa m'mafupa. Holt anaona chinthu chomwe chinamusowetsa tulo: amene ankafa msanga anali anyamata, a mphamvu zawo, pomwe amalinyero achikulire ankapirira mpaka kupezedwa. Achikulirewo anakulira m'mavuto, ankadziwa kuti thupi likati latha, munthu amakhala asanathe. Anyamata aja nkhani imeneyi anali asanaidziwe, choncho ankataya mtima.

Apa ndi pamene ndimamupatsa ulemu. Bwana wina akanangolemba anyamata ena ntchito, basi. Iye anatenga ndalama, mabwato ndi akatswiri a kampani yake, nagwirizana ndi mphunzitsi Kurt Hahn, amene anathawa Hitler mu 1933. Mu 1941 anatsegula sukulu ya Outward Bound ku Aberdyfi, ku Wales. Kumeneko mnyamata ankadzuka m'mamawa, kupalasa bwato ndi anzake, kumanga zingwe zikhatho zili ndi matuza, kukwera mapiri mvula ikugwa. Sanalandire ana a panyanja okha ayi, a m'mafakitale nawonso ankabwera, pakuti cholinga chake chinali kuumba mtima wa munthu. Mmera mpoyamba.

Tsono mdzukulu wanga, malume ako akakudzutsa mbandakucha kuti mupite kumunda, usafulumire kunena kuti akukuda. Komabe inu akulu amene mukuwerenga, mverani nanunso. Holt sanaponye ana m'nyanja kuti adzionere okha. Anawapatsa aphunzitsi oyenda nawo m'bwato lomwelo, odziwa pamene mwana wafika polekezera. Kusenzetsa mwana wamasiye katundu wa nyumba yonse ana anu ali mtulo, kumeneko si kuphunzitsa, ndi nkhanza, ndipo mwana wotere akadandaula ndidzakhala kumbali yake.

Holt anamwalira mu 1961. Sukulu za Outward Bound zinafalikira m'maiko ambiri, ndipo zikuphunzitsabe achinyamata mpaka lero.