Kangaude wodumpha wa pa makoma a ku Florida uja anachokera kuno ku Africa

Mwafunsa ngati kangaude wotuwa amene mumamuona pa khoma ku Florida ndi wa komweko, komanso ngati amaluma. Malinga ndi mmene mwamufotokozera, wophwatalala, wosakwana sentimita imodzi, ameneyo ndi kangaude wodumpha amene asayansi amamutcha Menemerus bivittatus. Kwawo ndi ku Africa, koma anafalikira m'mayiko otentha, ndipo ku America amapezekanso ku Texas ndi California.

Yang'anani pamsana. Wamwamuna ali ndi mzere wakuda pakati pa msana, wamkazi mizere yakuda ili m'mbali.

Saluka ukonde wogwirira chakudya. Amanyang'amira ntchentche pogwiritsa ntchito maso awiri aakulu akutsogolo (onse alipo 8), n'kuidumphira atamangirira ulusi pakhoma kuti akaphonya asagwe. N'chifukwa chake amakonda pafupi ndi nyali, pomwe tizilombo timaunjikana. Wamkazi amaikira mazira 25 mpaka 40 m'kathumba ka ulusi mumng'alu, n'kumalondera pafupifupi milungu itatu mpaka aswe.

Kuluma amaluma pokhapokha mwamufinya, ndipo ululu wake si woopsa kwa munthu. Musavutike kumupopera mankhwala. Akalowa m'nyumba, muvindikireni ndi tambula, lowetsani pepala pansi, mukamutaye panja.