Chasisi ya Hilux ina ingalowe pa LN106 yanga?

Wina wandilembera pa imelo kuti ali ndi Hilux LN106 ya double cab, injini 3L ikadali yamoyo koma chasisi inapindika galimoto itagwera mu ngalande. Akuti wapeza ma chasisi awiri ku sikilapu, ina ya Hilux Vigo, ina mwiniwake akungoti "ndi ya Hilux yakale ija", ndiye akufunsa atenge iti komanso ngati difu yake yakumbuyo angaisamutse.

Achimwene, ya Vigo ija iwalani kaye. Vigo inayamba 2004, ndi yotambalala, kuchoka tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi 3085 mm pomwe yanuyo ndi yaifupi, malo omangira bodi ndi injini ndi osiyana, ndalama zanu zithera kwa owotcherera ndipo zikatheka zikhalabe zokakamiza.

Inayo ndi imene tikambirane. Gwadani muone kutsogolo kwake. LN106 ili ndi difu yathunthu kutsogolo yokhala pa ma leaf spring, ndiye chasisi yake imakhala ndi zokolekera ma spring kutsogolonso. Mukaona m'malo mwake pali pomangira ma wishbone ndi ma torsion bar ndiye kuti ndi ya IFS (yomwe tayala lililonse lakutsogolo limakwera ndi kutsika palokha), mwina LN107 kapena LN167 imene inabwera 1997, difu yanu yakutsogolo singakhalepo popanda kudula ndi kuwotcherera kwambiri. Ogulitsa ena ku Ndirande amangoti Hilux ndi Hilux bwana, ayi ndithu, pezani nambala yodindidwa pachitsulo cha chasisi, zilembo zoyambazo zimakuuzani mtundu wake. Kenako tepi m'manja, yezani mopingasa kuchoka ngodya yakutsogolo kumanja kufika yakumbuyo kumanzere, mutembenuzenso mbali inayo, zikasiyana nayonso ndi yopindika. Gogodani ndi hamala pafupi ndi zokolekera ma spring akumbuyo, dzimbiri limakonda kubisala mmenemo matope akamakhalitsa.

Za difu tsopano, apa ndi pomwe anthu amaluza ndalama. Ya 4x4 imakhala ndi ma stud (mabawuti omangira tayala) 6, ya 4x2 wamba 5, komanso pa 4x4 ma spring amakhala pamwamba pa difu pomwe pa 4x2 amadutsa pansi, ndiye kungoyang'ana komwe kuli kachitsulo kokhalira spring mwadziwa kale. Koma chachikulu ndi ratio, kutanthauza kuti propshaft (chitsulo chozungulira cholowa mu difu) imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi. Pa kaplate ka mu boneti pali code ngati G282, G imatanthauza difu ya mainchesi 8, 28 ndiye 4.30, ikakhala 29 ndi 4.10, 25 ndi 4.56, 14 ndi 4.88, nambala yomaliza 2 kapena 4 ndi difu wamba, 3 kapena 5 ndi LSD (difu yomwe silola tayala limodzi kumangozungulira lokha likaterereka). Kaplate kamanamanso paja magalimoto athuwa adutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, ndiye ikani jeke, tayala limodzi likhale pansi, lembani choko pa propshaft, zungulitsani tayala lam'mwambalo kawiri n'kuwerenga kuti propshaft yazungulira kangati. Ikapitirira kanayi pang'ono zedi ndi 4.10, ikayandikira kasanu ndi 4.88. Ya LSD mukweze matayala onse ndipo muzungulitse kamodzi. Mukatsegula difu werengani mano a magiya ake, 41 pa 10 ndi 4.10, 43 pa 10 ndi 4.30. Yakumbuyo ndi yakutsogolo zikasiyana ratio, tsiku lomwe mudzaike 4x4 pa nthaka youma transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) idzalira mpaka china chithyoke.

Ine ndikanakhala inu ndikanasunga ma difu anga onse awiri, bola housing isakhale yopindika, n'kufunafuna chasisi ya LN106 yeniyeni ngakhale zitatenga miyezi. Ndipo musanalipire pitani ku Road Traffic ndi blue book yanu mukafunse kasinthidwe kake, poti nambala ya pa chasisi ndi imene amaidziwa ngati galimotoyo, wogulitsayo akupatseninso mapepala osonyeza komwe inachokera.