Mmene episkopi mmodzi ankayendetsera dayosizi ya Lincoln kalelo

Mwafunsa kuti kodi ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, episkopi mmodzi ankatha bwanji kusamalira dayosizi yaikulu popanda galimoto kapena lamya, ndiponso kuti ansembe a m'midzi ankadya chiyani. Ndikuyankhani ndi dayosizi imodzi, ya Lincoln ku England, chifukwa inali yaikulu kuposa madayosizi onse a m'dzikolo, ndipo mabuku a maepiskopi ake alipobe mpaka lero. Mabukuwa amasonyeza kuti episkopi ankalamulira kudzera m'makalata ndi mwa nthumwi, koma chikhristu cha tsiku ndi tsiku chinali m'manja mwa wansembe wolipidwa mwachipongwe pamodzi ndi eni mudzi, amene ankafolera okha tchalitchi chawo.

Likulu la dayosiziyi poyamba linali ku Dorchester, pafupi ndi mtsinje wa Thames. A Norman, anthu a kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, episkopi Remigius, mmonke wochokera ku Fécamp, anasamutsira likululo ku Lincoln cha m'ma 1072, ndipo anamwalira mu 1092 kutangotsala masiku ochepa kuti tchalitchi chachikulu chimene anamanga chidalitsidwe. Dera lake linkayambira ku mtsinje wa Humber kumpoto mpaka ku Thames kummwera, ndipo ngakhale chigawo cha Ely chinadulidwa mu 1109 kuti chikhale dayosizi payokha, panatsalabe maparishi pafupifupi 1,900. Kuchokera ku Lincoln kukafika ku Oxford, mzinda umene unalinso pansi pa episkopi yemweyo, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200. N'chifukwa chake episkopi sankakhalitsa ku Lincoln. Ankayendayenda m'nyumba zake za ku Buckden, Stow, Lyddington, Banbury ndi kwina, alembi ake ndi zikalata zili pambuyo.

Dera lonselo linagawidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu, chilichonse chili ndi akidikoni wake: Lincoln, Stow, Leicester, Northampton, Huntingdon, Bedford, Buckingham ndi Oxford. Akidikoni ankayendera matchalitchi kuti aone ngati denga likudontha, ngati mabuku a Misa ndi chikho zilipo, ndipo anali ndi bwalo lake loweruzira milandu ya chigololo, ya maukwati, ya chuma cha masiye ndi ya anthu ozemba chakhumi. Anthu sankawakonda maakidikoniwa chifukwa cha zindapusa zawo komanso chifukwa parishi inkayenera kuwadyetsa pamodzi ndi akavalo awo. Pansi pawo panali ansembe ena oyang'anira timagulu ta maparishi oyandikana, amene ankafalitsa makalata a episkopi ndi kumubweretsera mbiri ya zochitika m'midzi.

Nkhani ya chakudya cha wansembe ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa mavuto ambiri a m'parishi ankachokera pamenepo. Mkhristu aliyense ankayenera kupereka chakhumi mwa lamulo, osati mwa kufuna kwake, ndipo chinkaperekedwa mu zokolola zenizeni: mtolo umodzi wa tirigu pa mitolo khumi iliyonse unkasiyidwa m'munda kuti utengedwe, chimodzimodzinso ana a nkhosa, ubweya, mkaka, mazira, atsekwe ndi uchi. Wansembe amene anali mwini udindo wa parishi ankatchedwa rector, ndipo iyeyu ndiye anali ndi ufulu wolandira zonsezi pamodzi ndi munda wa tchalitchi. Koma amene ankasankha rector sanali episkopi. Ufulu wosankha unali wa mwini dziko amene makolo ake anamanga tchalitchicho, kapena wa mfumu, kapena wa nyumba ya amonke, ndipo episkopi ankangomuyesa munthuyo n'kumulowetsa pa udindo. Choncho eni dziko ambiri ankaikapo ana awo ndi alembi awo, ena a iwo asanadzozedwe n'komwe unsembe, ndipo munthu mmodzi ankatha kukhala ndi maparishi angapo osapondako ngakhale kumodzi. Anali ngati mwini munda wokhala m'tauni, amene amangoonekera nthawi yokolola.

Kunalinso njira ina imene chuma cha parishi chinkatulukira. M'zaka za m'ma 1100 eni dziko ambiri anapereka matchalitchi awo kwa amonke kuti aziwapempherera, ndipo nyumba ya amonkeyo inkasanduka rector, n'kumatenga chakhumi chonse n'kulemba ganyu wansembe wosauka amene ankatha kuchotsedwa tsiku lililonse. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Lateran mu 1215 unalamula kuti wansembe wotere azipatsidwa gawo lokwanira ndi lokhazikika, ndipo msonkhano wa ku Oxford mu 1222 unaika malire akuti asamalandire zochepera ma mark asanu pachaka, amene ndi mapaundi 3, masheleni 6 ndi mapeni 8. Amene analimbikira ntchitoyi ku Lincoln anali episkopi Hugh wa ku Wells, amene analamulira kuyambira 1209 mpaka 1235. Iye analembetsa tchalitchi ndi tchalitchi zimene wansembe wokhala pamalopo, wotchedwa vicar, ayenera kulandira. Kawirikawiri amonke ankatenga chakhumi cha tirigu, chimene chinali chamtengo wapatali, ndipo vicar ankatsala ndi nyumba, zopereka za pa guwa ndi chakhumi chaching'ono cha mazira, atsekwe ndi ndiwo za m'dimba. Ine ndimaona kuti kugawa kumeneku kunali kopanda chilungamo, chifukwa wansembe amene ankakhala ndi anthu ndiye ankakangana nawo pa zinthu zazing'ono zovuta kuwerenga, pamene nkhokwe za amonke zinkadzaza mwakachetechete. Komabe vicar anapeza chinthu chimodzi chachikulu, chakuti amonke sakanathanso kumuchotsa popanda episkopi.

Hugh wa ku Wells yemweyu ndiye anayamba kusunga mipukutu ya zikopa yolembamo wansembe aliyense wolowa pa udindo, amene anamusankha ndi chaka chake, ndipo mipukutu yakeyi ndi yakale kwambiri mwa zolemba za mtundu umenewu zimene zatsala ku England. M'menemo mumaoneka kuti ena ankalandiridwa pa pangano lakuti apite kusukulu kaye, chifukwa Chilatini chawo chinali choperewera. Panalibe maseminale nthawi imeneyo. Mnyamata ankaphunzira potumikira wansembe wa kwawo, kapena pa sukulu ya m'tauni, ndipo amwayi okha ndiwo ankafika ku Oxford. Mu 1298 Papa Boniface VIII analola kuti rector achoke pa parishi mpaka zaka zisanu ndi ziwiri kukaphunzira, chuma cha parishi chikumulipirira, malinga asiye wansembe wina m'malo mwake.

Pa funso lanu lakuti kodi anthu wamba ankamuona episkopi, yankho n'lakuti ambiri ankamuona kamodzi pa moyo wawo, ndipo ena sankamuona konse. Sakramenti la ulimbitso linkaperekedwa nthawi zina m'mbali mwa msewu, makolo atamva kuti episkopi akudutsa n'kuthamangira ndi ana. Wolemba mbiri ya Hugh Woyera wa ku Avalon, amene anali episkopi wa Lincoln kuyambira 1186 mpaka 1200, anamuyamikira chifukwa ankatsika pa kavalo polimbitsa ana, zimene zikutiuza kuti panali maepiskopi ena amene ankachita mwambowo ali pachishalo. Hugh ameneyu ndiye anayambanso kumanga tchalitchi chachikulu chitaonongeka ndi chivomezi cha 1185, ndipo anatchulidwa woyera mu 1220.

Amene anayesetsa kwambiri kufika kwa anthu anali Robert Grosseteste, episkopi kuyambira 1235 mpaka 1253, munthu wobadwira m'banja losauka ku Suffolk amene anadzakhala mphunzitsi wotchuka ku Oxford. Njira yake anaifotokoza yekha pamaso pa Papa ku Lyon mu 1250. Ankaitanitsa ansembe ndi akhristu a chigawo chimodzi pamalo amodzi, iye n'kulalikira kwa ansembe, pamene mbale wa chipani cha Fransisko kapena cha Dominiko ankalalikira kwa anthu, abale ena anayi akulapitsa, ndipo ana atalimbitsidwa ankayamba kufufuza za moyo wa parishi iliyonse. Ena anamudandaulira kuti akuchita zachilendo zimene maepiskopi akale sankachita, koma sanaleke. Anachotsa pa udindo akuluakulu angapo a nyumba za amonke, anakana anthu osaphunzira amene eni dziko ankamubweretsera, ndipo anakangana zaka zambiri ndi ansembe a tchalitchi chake chachikulu pa ufulu wowayendera, mpaka Papa anagamula mlanduwo momukomera mu 1245. M'chaka chimene anamwalira anakana ngakhale lamulo la Papa Innocent IV lakuti apatse mphwake wa Papayo udindo ku Lincoln, ponena kuti kupereka nkhosa kwa munthu amene sadzazidyetsa n'kupha miyoyo.

Malamulo amene Grosseteste analembera ansembe ake amatithandiza kuona mudzi wa nthawiyo pafupi. Wansembe anayenera kudziwa malamulo khumi, machimo akuluakulu asanu ndi awiri ndi masakramenti, ndi kuonetsetsa kuti ana akuphunzira pemphero la Atate Athu, la Tikuoneni Maria ndi Kumvera kwa Apostoli. Anayenera kuchenjeza amayi kuti asamagone ndi makanda pa kama mmodzi, poopa kuwagonera usiku. Misika ndi masewera m'bwalo la manda zinaletsedwa, pamodzi ndi maphwando a mowa. Panalinso lamulo loletsa maparishi kulimbirana kutsogola ndi mbendera zawo pa ulendo wa chaka ndi chaka wopita ku tchalitchi chachikulu, chifukwa mikangano yake inkathera m'ndewu, nthawi zina mpaka imfa. Zinthu zimene episkopi amabwereza kuletsa ndi zomwezo zimene anthu ankachita, choncho tisaganize kuti tchalitchi cha m'mudzi chinali malo a bata lokhalokha. Misa inkachitika m'Chilatini, anthu ataimirira, ndipo ambiri ankalapa ndi kulandira Ukaristia kamodzi pachaka nthawi ya Pasaka, monga unalamulira msonkhano wa 1215 uja.

Nyumba ya tchalitchi nayo inali yogawana. Mbali ya kuguwa inali udindo wa rector, pamene mbali yokhala anthu, nsanja, mabelu, zovala za Misa ndi mpanda wa manda zinali za akhristu eni ake. Udindo umenewu ndiwo unabala akuluampingo osankhidwa ndi mudzi, amene ankasunga ndalama, kubwereketsa nkhosa ndi ng'ombe za tchalitchi, ndi kufulula mowa wogulitsa pofuna kupeza thandizo, ngakhale maepiskopi ena ankanyansidwa nazo. Si zachilendo ku England kupeza tchalitchi chimene mbali ya anthu ndi yaikulu ndi yokongola, koma mbali ya kuguwa ndi yaing'ono ndi yakale, chifukwa rector wakutali sankafuna kuononga ndalama.

Mliri waukulu wa 1349 unayesa dongosolo lonseli. Buku la episkopi John Gynwell likusonyeza kuti ansembe pafupifupi anayi mwa khumi alionse amene anali ndi maparishi mu dayosiziyi anamwalira, ndipo timadziwa zimenezi chifukwa alembi ake sanaleke kulemba dzina la aliyense wolowa m'malo mwa womwalira, ngakhale m'miyezi imene maliro anali tsiku ndi tsiku. Ansembe atachepa, otsalawo anayamba kufuna malipiro okwera, ndipo ambiri anasankha ntchito yopepuka yochitira Misa mizimu ya anthu olemera m'malo mosenza parishi. Madandaulo a chuma cha Mpingo anakula m'zaka zotsatira, ndipo John Wycliffe, amene anawalankhula mwamphamvu, anali rector wa ku Lutterworth mu dayosizi yomweyi mpaka imfa yake mu 1384. Popeza Mpingo unaweruza kuti chiphunzitso chake chinali chosokeretsa, mu 1428 episkopi Richard Fleming anafukulitsa mafupa ake n'kuwatentha, phulusa n'kulitaya mu mtsinje wa Swift.

Kuti muone mmene anthu ankaonera tchalitchi chawo ngati chuma chawochawo, taonani za ku Louth, tauni ya mu dayosizi yomweyi. Akhristu a m'tauniyi anamanga nsonga ya nsanja ya tchalitchi cha James Woyera kuyambira 1501 mpaka 1515, ndipo mabuku a akuluampingo akusonyeza kuti inadya mapaundi oposa 300, ochokera m'zopereka zawo ndi m'ngongole za mabungwe a m'parishi. Mu Okutobala 1536, pamene Mfumu Henry VIII inali itayamba kutseka nyumba za amonke, kunamveka mphekesera yakuti mitanda ndi zikho zasiliva za m'maparishi zilandidwa ndiponso kuti matchalitchi ena atsekedwa. Anthu a ku Louth anaukira motsogozedwa ndi wosoka nsapato Nicholas Melton, chipolowecho chinafalikira m'matauni oyandikana, ndipo ku Horncastle khamu linapha nduna yaikulu ya episkopi John Longland. Kuukirako kunatha pasanathe milungu iwiri, ndipo vicar wa ku Louth, Thomas Kendall, ananyongedwa ku London mu 1537. Patangopita zaka zochepa, mu 1541 ndi 1542, mfumu inadula madera a Peterborough ndi Oxford n'kuwapatsa maepiskopi awoawo.