Kompyuta yolumikiza kale koma yodula, ndigule?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndimakonza mavidiyo komanso ndimakonda magemu, ndiye ndakhala ndikusunga ndalama chaka chonse kuti ndigule kompyuta yamphamvu. Ndaona ina yolumikiza kale yokhala ndi graphics card (chipangizo choyendetsa zithunzi ndi magemu) ya RTX 4090 koma mnzanga akuti ndikungotaya ndalama, bola ndigule zipangizo ndilumikize ndekha. Chibadwire sindinatsegulepo kompyuta. Nditani?

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo akunena zoona mbali ina, mukagula yolumikiza kale mumalipiranso ntchito ya amene anailumikiza, kuiyesa, Windows komanso waranti imodzi ya makina onse, ndipo kwa munthu amene kompyuta ndi khasu lake zimenezo sizachabe ayi, ikafa mumangoibweza malo amodzi osayamba kufufuza nokha kuti chafa ndi chani. Mu 2021 ma graphics card atasowa, anthu ambiri amagula yolumikiza kale chifukwa inali njira yosavuta yopezera RTX 3080.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi zomwe sazilemba ndi zilembo zikuluzikulu pa malonda paja. Amakuonetsani purosesa ndi graphics card, basi. Nanga power supply, chipangizo chogawa magetsi mkati mwa kompyuta, ndi ya kampani iti? RTX 4090 payokha imatha kukoka mawati 450, ndiye ikakumana ndi power supply yotchipa komanso kesi yosalowa mphepo bwino, makina amatentha nkudzichepetsa liwiro okha, mafani akulira ngati chigayo, inu mutalipira ndalama zonse zija. Enanso amaika RAM (memore ya kompyuta) imodzi m'malo mwa ziwiri, zomwe zimachedwetsa makina. Ndiye pali makompyuta ena a Dell ndi HP omwe motherboard (bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse) ndi power supply zake ndi zapaderadera, sizigwirizana ndi za muyezo wa ATX zopezeka paliponse, tsiku lofuna kusintha chinthu mumapezeka kuti manja ndi omangika.

Pa waranti napo onetsetsani, zambiri zolumikiza kale ndi chaka chimodzi chokha pomwe power supply yabwino ya Seasonic kapena Corsair yogula payokha waranti yake imafika zaka 10.

Ine kwa inuyo ndikuti gulani yolumikiza kale, poti simunagwirepo ndipo ndi ndalama zambiri zoti muphunzirirepo. Koma musanalipire auzeni akupatseni mndandanda wa chipangizo chilichonse, dzina ndi modelo yake, muwerengetsere mtengo wake chimodzichimodzi muone kuti akuonjezerapo zingati. Akakana kutchula power supply kapena motherboard, kayang'aneni kwina.